Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene ndinapeza 38

Sabata yatha ndinalekezera pamene ndinayamba sukulu ya utolankhani ku Blantyre, ndikukhala kwa amalume ku Chilomoni. Mayeso oyamba ndinapeza 81. Anali ongoloweza: mafunso asanu ndi limodzi aja, ndani, chiyani, liti, kuti, chifukwa chiyani ndi motani, komanso kuti mfundo yaikulu imakhala m'ndime yoyamba. Amalume anapha nkhuku.

Lachiwiri lina aphunzitsi athu, bambo amene anakalambira m'nyuzipepala, analowa m'kalasi chimanjamanja. "Pitani mukasake nkhani. Ikamakwana 3 koloko ikhale pa tebulo langa, mawu 300."

Ndinakwera minibasi ya ku Ndirande. Mumsika ndinapeza amayi ogulitsa tomato atakwiya, akuti wapampando wa msikawo wawachotsa pamalo pawo. Mmodzi ankalankhula uku akuwaza madzi pa milu ya tomato, mwana ali kumsana, mawu akunjenjemera. Kabuku kanga kanadzaza. Ndinalemba nkhaniyo mtima ukuwawa, chifukwa mayi anga omwe anandiphunzitsa ndi ndalama za geni ngati yomweyo.

Pepala linabwerako lofiira ndi bolopeni: 38. Dzina la mayi mmodzi ndinalilemba m'njira ziwiri. Ndinalemba kuti "amayi ambiri" osawawerenga. Ndipo m'munsi munali funso limodzi lokha: "Nanga wapampandoyo wati chiyani?"

Ndinawatsatira ku ofesi misozi ili m'maso. "Aphunzitsi, koma amayiwo sananame."

"Mwina sananame. Koma iwe waweruza mlandu utamva mbali imodzi. Nkhaniyi itatuluka m'nyuzipepala, mu Tikambe kapena Tamvani, munthuyo angayende bwanji mumsika mawa? Bwerera."

Ndalama ya minibasi inali itatha, choncho m'mawa mwake ndinayenda wapansi. Wapampando uja anandionetsa ngalande imene ankafuna kukumba mvula isanayambe, yodutsa ndendende pamene amayiwo ankakhala. Koma anavomeranso kuti sanawauze nthawi yabwino. Amayiwo nditawawerenga anali 14.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti mayeso enieni a mtolankhani ndi amenewa, osati a m'holo. Nkhani yachiwiriyo ndinapeza 64, ndipo ndi imene ndinainyamula mu envulopu popita kukapempha malo ophunzirira ntchito ku Ginnery Corner, dera la Blantyre kumene kuli maofesi a nyuzipepala. Za kumeneko ndidzakusimbirani sabata yamawa.