Kope langa la nkhonya

Ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo nthenda yathu anthu a masamu ndi imodzi: timakhulupirira kuti chilichonse chili ndi fomula yake. Adokotala atandiuza kuti BP yakwera, komanso kuti mimba yayamba kumalowa m'kalasi mwini wake ndikadali pakhonde, anzanga anati ndizithamanga m'mamawa. Ine ndinasankha nkhonya. Ndinali nditamva kuti ankhonya amatchula zibakera ndi manambala: 1 ndi jabu, cha dzanja lakutsogolo chija, 2 ndi chowongoka cha dzanja lakumbuyo, 3 ndi chokhota, chobwerera m'mbali. Ndinati basi, awa ndi masamu ovala magolovesi.

Malo ophunzirirawo anali kuseri kwa msika ku Ndirande, chinyumba chamalata chokhala ndi thumba lamchenga lolendewera padenga. Ring'i yake inali mapaipi anayi ndi zingwe zomangira katundu palole. Ndinafika ndi kope latsopano, momwe ndinajambulamo mivi yosonyeza kuti mdani akaponya chakuti ine ndiyankha ndi chakuti.

Akochi, bambo wamfupi wamphuno yophwatalala, analiyang'ana kopelo nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, ili lizitsala m'chikwama. Muno mulibe mayeso a MSCE."

Anandifotokozera kuti chibadwa cha munthu n'chamantha. Chibakera chikamabwera umatsinzina, umatembenuza nkhope, umadzutsa chibwano, zonse zothandiza wokumenyayo. Nzeru nazo n'zochedwa, chifukwa jabu imafika pamphuno theka la sekondi lisanakwane. Ntchito yawo, iwo anatero, ndi kuzula chibadwa chakalecho n'kudzala china pobwereza chinthu chimodzimodzi mpaka thupi liloweze. Chida chawo chophunzitsira chinali patapata. Amaima patsogolo pako n'kumakulasa nayo kumaso, iwe uzizinda: kumanzere, kumanja, pansi.

"Nanga kuganiza?" ndinafunsa.

"Kuganiza n'kwa pakona, pa mphindi imodzi yopuma ija. Ndiponso woganizayo ndine."

Apa sindinagonje. Ndinawakumbutsa za Muhammad Ali ku Kinshasa mu 1974, momwe anatsamira zingwe n'kumulola George Foreman kumenya mpaka kutopa, kenako n'kumugwetsa mu raundi ya 8. Si nzeru zimenezo?

"Ali anayamba nkhonya ali ndi zaka 12. Inu mwayamba muli ndi imvi," anatero. "Isaac Chilemba wathu yemweyu anatha maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016. Munamuona atanyamula kope?"

Tsiku loyesana litafika, anandipatsa kamnyamata ka Fomu 2, koonda, kaulemu kwambiri. Kanandipatsa moni ndi manja awiri, magolovesi ali m'manja. Belu, lomwe linali supuni ndi limu yagalimoto, litalira, kanaika phazi lamanja kutsogolo. Kamanzere! Kope langa lonse linali la anthu amanjamanja. Komabe ndinakumbukira lamulo lake: ukakumana ndi wamanzere, phazi lako lakutsogolo likhale kunja kwa phazi lake. Ndinawerama kuti ndione ngati phazilo lili pamalo oyenera.

Phaa!

"Pepani, madala."

Ndinayamba kuwerengera: waponya 1, ndiye kuti chotsatira ndi 2, ndiye ine ndipite ku...

Phaa!

"Pepani, madala."

Chimandiwawa mpaka lero si zibakerazo, koma kupepesako. Mwana wophunzitsidwa bwino kwawo, ankandithidzimula mwaulemu wonse.

Ndipamene ndinaganiza zogwiritsa ntchito nzeru za ku Kinshasa. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kuphimba nkhope, n'kutsamira zingwe ndi thupi lonse. Zingwe zapalole zimamvera katundu womangidwa, osati wotsamira. Ndinapitirira chagada, miyendo m'mwamba, n'kukakhala thapsa m'ndowa yamadzi yolavuliramo. Anyamata onse anathawira panja kukasekera komweko, poti n'kosayenera kuseka munthu wamkulu pamaso pake. Malata okha ndiwo ankagwedera.

Kuyambira pamenepo ndinadzipereka kwa patapata. Madzulo alionse: kumanzere, kumanja, pansi. Akochi anamanganso chingwe chodutsa pakati pachipinda kuti ndizidutsa pansi pake mondondoza, mutu kutulukira uku ndi uko. Pang'onopang'ono maso anasiya kutsinzina, khosi linayamba kudziyendera lokha. Kunyumba ndinkazinda chingwe choyanikira zovala, nsalu yapakhomo, ngakhale dzanja la mayi akunyumba akamandipatsira mbale yandiwo.

Mayiwo ndiwo anati nkhonya n'zabwino, koma BP imafunanso pemphero. Kutchalitchi kwawo kunabwera mlaliki wamlendo, ndipo Lamlungu anandikokera pamzere wa odwala. Abusawo anali chimunthu chachitali, chamikono italiitali, ndipo sankasanjika manja mofatsa ayi. Dzanja linkachokera paphewa, molunjika, n'kukatera pachipumi. Aliyense wokhudzidwa ankagwera m'manja mwa anyamata awiri oima kumbuyo.

Inafika nthawi yanga. Ndinaima mwaulemu, manja m'mbuyo. Dzanja lamanja la abusa linanyamuka. Nambala 2 yeniyeni.

Mutu wanga unapita kumanzere. Dzanja linadutsa pakhutu, fyuu.

Abusa anayang'ana chikhatho chawo, n'kundiyang'ana ine. Anaponyanso. Ndinazinda. Anabweretsa lamanzere mozungulira, 3 yoyera bwino, ine mawondo khoba, n'kutulukira kunsi kwa mkono wawo, manja ali kale pachibwano. M'mutu ndinkaganiza bwinobwino, mwina kuposa tsiku lina lililonse: iwe, ima, awa ndi abusa, pano ndi patchalitchi, apongozi ako akhala benchi lachitatu. Thupi silinamveko. Linali litapeza kochi wina.

"Mpingo!" anakuwa abusa pamaikolofoni. "Chiwanda ichi chinapita kusukulu!"

Woimba kiyibodi anakweza. Amayi anaimirira n'kuyamba kuloza kwa ine: "Tuluka! Moto!"

Mayi akunyumba anathamangira kutsogolo. "Abusa, si chiwanda, ndi nkhonya! Bambowa akuphunzira nkhonya!"

"Mwamva? Mzimu wandewu! Mayi avomera okha!"

Anavula jekete. Tinazungulira guwa, iwo kuponya, ine kuzinda, thukuta kamukamu tonse awiri. Kunena zoona anali ndi jabu yabwino, kungoti ankaonetseratu ndi phewa asanaponye.

Ndinaona kuti tikhoza kufika madzulo, ndipo apa masamu anabwerera. Ndinawerengera kuti njira yokhayo yothetsera nkhaniyi ndi kugwa monga agwera anzanga. Ndinalimbitsa khosi ndi mphamvu zonse, n'kutsinzina mwadala, dzanja n'kutera pachipumi. Ndinadzitaya chagada mwachikhulupiriro chonse. Chimene sindinaike mu fomula n'chakuti anyamata owakha anthu aja anali atathamangira panja kukaitana anzawo amphamvu.

Khu! Pasimenti.

Mpingo wonse unaphulika ndi nthungululu. Apongozi anga analira ndi chimwemwe, nati anayamba kalekale kukayikira.

Lolemba ndinafika ku Ndirande ndi chotupa pankhongo. Nkhani inali itafika kale, poti kamnyamata kamanzere kaja kamaimba kwaya patchalitchi pomwepo. Akochi sanaseke. Anandiitanira pambali, nkhope ili gwa.

"Choyamba chija, chamanja, munazindira mbali iti?"

"Kumanzere, kunja kwa mkono."

"Manja?"

"Pachibwano."

Anagwedeza mutu mokhutira.

"Abusawo abwerera kale kwawo? Muwafunse ngati ali ndi mpata Lachitatu. Patapata yanga yaduka."