Lachinayi: kuchoka ku Coober Pedy mpaka kumadzi amchere

Ndikulemba izi cha m'ma 9 koloko usiku, ndili pa katebulo ka m'galimoto yathu yogonamo, ija kuno amati campervan. Ana agona, amayi akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ndipo pazenera pakulowa fungo lomwe takhala masiku khumi osalimva, la matope ndi madzi. Tafika ku Port Augusta, tauni ya m'boma la South Australia kuno ku Australia. Lero tayenda makilomita pafupifupi 540, ndipo fumbi lofiira lidakali m'makutu.

Woyamba kudzuka, monga mwa masiku onse, anali bambo a ana, chifukwa iwo sagona m'galimoto. Anzathu a kuno nkhani imeneyi saimvetsa. Malo ogona alimo a anthu asanu ndi mmodzi, ife tilipo asanu, koma mkamwini angagone bwanji chipinda chimodzi ndi apongozi ake, pakati pali kansalu kokha? Tisananyamuke ku Adelaide anagula swag, kahema kokulunga ngati mphasa kokhala ndi matiresi m'kati, ndipo usiku uliwonse amakayala panja. Amayi sanayankhulepo kanthu pa zimenezi. Koma m'mawa uliwonse kapu yoyamba ya tiyi amapatsira mzime wathu n'kunena kuti, "Kawapatseni ababa anu, agona pamphepo."

Tisanatuluke m'tauni tinayamba taima pogula madzi. Ku Coober Pedy madzi amachita kuwapopa pansi pa nthaka kutali ndi tauni, n'kuwachotsa mchere ndi makina, ndiye wapaulendo amaponya ndalama zachitsulo pampopi kuti adzaze thanki. Amayi anaimirira pambali kuyang'anira paipi kuti dontho lisagwe pansi. Titamaliza tinathira dizilo mpaka kukamwa, chifukwa kuchoka pamenepo kukafika ku Glendambo ndi makilomita oposa 250 opanda pothirira mafuta paliponse. Tangoganizani kuchoka ku Blantyre, kudutsa Zalewa, Balaka, Ntcheu, mpaka kupitirira Dedza, osaona filing'i, osaona golosale, osaona ngakhale mwana wogulitsa tomato.

Tauniyo tinaisiya m'mbuyo ndi milu yake ya dothi loyera, yangati zulu zambirimbiri, yomwe anthu akhala akufukula posaka miyala yamtengo wapatali ya opal kuyambira 1915. Ana anawerenga komaliza zikwangwani zija zochenjeza kuti usayende chobwerera m'mbuyo ungagwere m'dzenje. Kenako milu inatha, kunangotsala msewu wa Stuart Highway uli tambalale, dziko lili see mbali zonse, timiyala tofiirira ndi tizitsamba totuwa tofika m'mawondo. Thambo lokhalokha.

Patapita ola lathunthu tili chete, amayi anafunsa funso lomwe akhala akufunsa chiyambire ulendowu: "Kodi eni ake a dziko lino ali kuti?" Iwo anabadwira kufupi ndi nyanja ya Chilwa, komwe sungayende mphindi zisanu osalonjera munthu. Dziko lopanda utsi wa pamoto, lopanda mbuzi, lopanda kanjira kopita kuchitsime limawasowetsa mtendere. Chisamba wathu, yemwe anaphunzira izi kusukulu, anawafotokozera kuti eni ake alipo. Dera la Coober Pedy ndi la anthu a Antakirinja Matu-Yankunytjatjara, chakumwera kwake ndi kwa Akokatha, ndipo makolo awo ankadziwa pomwe pali madzi m'dziko lomwe ife tikuliona ngati lopanda kanthu. Amayi anagwedeza mutu n'kuti, "Ndiye kuti maso athu ndi amene ali achilendo."

Chinthu china chomwe chawatonthoza mtima m'masiku amenewa ndi moni wa pamsewu. Kuno oyendetsa akamapambana amakweza chala chimodzi kapena ziwiri pachiwongolero. Amayi atazindikira zimenezi anasamukira pampando woonekera, ndipo iwo sakweza chala ayi, amakweza dzanja lonse. Ngakhale kwa oyendetsa zimalole zija amati road train, zokoka ngolo zitatu, zotalika mpaka mamita 53, zomwe zikamadutsa galimoto yathu imachita kunjenjemera ngati tsamba.

Pena pake msewu unakula mwadzidzidzi, pansi pali mizere yoyera ikuluikulu. Ndi pomwe ndege za Royal Flying Doctor Service, bungwe la madokotala oyenda pa ndege, zimatera pakachitika ngozi, pamsewu pomwepo. Bungweli linayamba mu 1928 ndi m'busa John Flynn. Amayi anakhala chete nthawi yaitali atamva zimenezi. Ndikudziwa zomwe ankaganiza, chifukwa inenso ndinkaganiza zomwezo: azimayi angati kwathu amene anathera panjira, ali pa njinga kapena m'ngolo, chipatala chili patali.

Cha m'ma 10 koloko, Glendambo akadali kutsogolo, tinamva phokoso kumbuyo, galimoto n'kuyamba kukokera kumanzere. Bambo a ana anaigwira bwino mpaka inaima pambali. Tayala lakumbuyo linali litang'ambika. Foni zonse zinalibe netiweki. Titazimitsa injini kunangoti zii, bata loti umamva magazi ako akuyenda m'makutu. Chapatali chiwombankhanga chachikulu chinali pa nyama ya kangaru yogundidwa usiku, osatekeseka n'komwe ndi ife.

Sipeya inalipo, jeke inalipo. Vuto linali manati. Anawamanga ndi makina, ndipo sipanala ya m'galimotoyi ndi yaifupi. Bambo a ana anakanikiza ndi manja, anaponda ndi phazi, thukuta kamukamu, ntchentche zili m'maso ndi m'mphuno, koma nati ngakhale imodzi sinasunthe. Mzime anayamba kulira. Ine mantha anandigwira ndithu, ngakhale ndinkadziwa kuti madzi tili nawo okwanira masiku angapo. Lamulo la kuno aliyense amakuuza: galimoto ikawonongeka usaisiye n'kuyamba kuyenda wapansi, khala pomwepo. Tinakhala pomwepo.

Panapita mphindi ngati makumi awiri. Galimoto yoyamba kutulukira inali yokoka kalavani, ndipo inaima tisanaibayitse n'komwe. Munatuluka agogo awiri, mwamuna ndi mkazi, a gulu lija la opuma pantchito omwe amazungulira dziko lino miyezi ndi miyezi, kuno amawatcha grey nomads. Mkuluyo sanachulutse mawu. Anayang'ana tayala, anabwerera kugalimoto yake, n'kubwera ndi chitsulo chachitali ngati mpini wa khasu. Manati aja anamasuka imodziimodzi akulira kwee. Mayiyo anatenga mzime n'kumuonetsa maluwa ofiira a m'mbali mwa msewu, a diso lakuda pakati, otchedwa Sturt's desert pea, omwe ndi duwa la boma la South Australia. Mwana analeka kulira.

Titafuna kuwapatsa kangachepe anakana, ndipo mkuluyo anaoneka ngati zamukhumudwitsa. Apa m'pamene amayi analowererapo. Analowa m'galimoto n'kutuluka ndi botolo la mtedza womwe anakazinga dzulo ndi mchere, anagwada pang'ono, n'kupereka ndi manja awiri. Chingerezi sadziwa, koma anayankhula Chichewa chawo bwinobwino ngati akumvana: "Zikomo kwambiri, bambo. Mwatichotsa manyazi pamtunda. Muyende bwino, Mulungu akutsogolereni." Mayi uja analandira naye ndi manja awiri, maso ali ndi misozi. Anatitsatira pambuyo mpaka ku Glendambo kuti aone ngati sipeyayo ili bwino, ndipo sitinafunsane ngakhale mayina.

Tili m'njira amayi anauza mkamwini wawo, akuyang'ana pazenera monga amachitira akamayankhula nawo, kuti, "Achimwene, mukafika ku Adelaide mukagule chitsulo chija. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina mudzapeza wina ataima." Bambo a ana anayankha kuti, "Ndamva, mayi." Ndipo ndikuwadziwa, akagula.

Ku Glendambo tinathira mafuta, ana anajambulitsa pachikwangwani chotchuka chija chonena kuti pamalopo pali anthu 30, nkhosa 22,500 ndi ntchentche pafupifupi 2,000,000. Sitinachedwe.

Nsima tinaphikira ku Lake Hart. Ndinayatsa mbaula ya gasi m'galimoto zitseko zili zotseka chifukwa cha ntchentche, ndiwo zake nyemba za m'chitini zomwe ndinakazingira anyezi ndi tomato. Pazenera nyanja yonse ili mbee, yothobwa m'maso, koma si madzi, ndi mchere wokhawokha. Titadya tinatsetsereka wapansi, tinawoloka njanji yomwe sitima za The Ghan ndi Indian Pacific zimadutsa, n'kukaponda pamcherepo. Umalira pansi pa nsapato ngati ukuponda zigoba za mazira. Amayi anatola kachibenthu, analawa, n'kuyamba kusimbira adzukulu awo za chaka cha 1995 pamene Chilwa inaphwa, anthu n'kumayenda wapansi pomwe kale ankapalasa bwato, asodzi atakhala pamthunzi manja ali m'masaya, matemba atasowa pamsika. Ana anga anabadwira kuno, ndipo nkhani za kumudzi nthawi zambiri zimawadutsa pamwamba. Lero anamvetsera mpaka kumapeto, chisamba n'kufunsa kuti madziwo anabwerera liti. Pa zonse za ulendo uno, mphindi zimenezo ndi zomwe sindikufuna kudzaiwala.

Pa Pimba tinakhota pang'ono kukaona Woomera, tauni yomwe inamangidwa mu 1947 kuti Britain ndi Australia aziyeserako mizinga ndi maroketi. Pakati pa tauni anaimika maroketi akale panja, ndipo mzime anathamanga uku ndi uku osatopa. Setilaiti yoyamba ya Australia inaulukira kumeneku mu 1967. Koma ine mtima unali pena. Kufupi ndi tauni yomweyi, kuyambira 1999 mpaka 2003, boma linkatsekerako anthu obwera pa maboti kudzapempha malo othawirako, ena ali ndi ana aang'ono ngati angawa. Ife tinalowa m'dziko lino pa ndege, mapepala ali m'manja. Nditayang'ana chipululu chozungulira tauniyo, n'kukumbukira mantha omwe ndinali nawo m'mawa chifukwa cha tayala lokha, ndinalephera kumeza malovu.

Makilomita 170 otsalawo tinawathamangira kuti dzuwa lisatilowere panjira, chifukwa madzulo akangaru ndi mbalame zija zangati nthiwatiwa, ma emu, zimadumphira pamsewu. Pang'onopang'ono mitengo inayamba kutalika. Kum'mawa kunatulukira mapiri a Flinders Ranges, obiriwira motuwa. Kenako mapolo a magetsi, madenga a malata, foni zonse n'kuyamba kulira nthawi imodzi ndi mauthenga a masiku awiri.

Tinaima pa maphompho ofiira a kumpoto kwa tauni, pamalo oonerapo otchedwa dzina la Matthew Flinders, woyenda panyanja wa ku Britain yemwe anafika kuno mu 1802 akuyembekeza kuti madzi amenewa adula dziko lonse pakati, n'kupeza kuti athera pompano. Apa ndi pomwe Spencer Gulf, chigawo cha nyanja yamchere cholowa kumtunda, imayambira, ndipo ndi yopapatiza, tsidya lina likuoneka bwinobwino. Amayi anayang'ana n'kufunsa, "Nyanja yaikulu ija mumanena ndi imeneyi? Koma ikuchita kuchepa ndi Shire wa pa Liwonde." Tinawafotokozera kuti uku ndi kumchira chabe, kutsogoloku imatambasuka mpaka osaona malire.

Sanakhutire mpaka titatsikira kugombe la m'tauni. Anavula nsapato, anakwinya chitenje, analowa mpaka m'akakolo, anatunga madzi m'dzanja n'kulawa. Analavula, n'kuseka kwambiri mpaka kugwira paphewa la mdzukulu wawo. Chomwe chinawazunguza mutu ndi chakuti pomwe tinkafika madzi anali pafupi ndi miyala, koma pomwe timamaliza kudya tchipisi anali atathawa, kusiya matope ndi timbalame tikujompha. Chisamba anayesa kufotokoza za mwezi ndi mphamvu yake yokoka madzi. Amayi anati akufuna adzaone okha akubwerera.

Ndiye tagwirizana kuti mawa sitinyamuka m'mamawa. Mawalo bambo a ana apita kukagula tayala lina ndi kukataya madzi akuchimbudzi pamalo ake, ine ndichapa zovala zomwe zonse zasanduka zofiira, ndipo agogo ndi adzukulu awo akakhala pagombe kudikira madzi. Adelaide ili pa makilomita 300 okha. Panja ndikumva zipi ya swag ikutsekedwa, ndipo amayi afunsa kale ngati mkamwini wawo watenga bulangete lachiwiri, chifukwa mphepo ya kunyanja si ya kuchipululu.