Zoona zake za kanema wa ku Utah uja

Inde, amene akukuwa mu kanema akuzungulira pa WhatsApp uja ndi ine. Koma wojambulayo anayambira pakati, ndiye tamvani.

Ine ndine mwana wa ku Senga Bay, kusambira ndinakudziwa ndisanadziwe kuwerenga. Alamu anga atati tikaone nyanja ya Great Salt Lake ku Utah, m'dziko la America, ndinangoti nyanja ndi nyanja basi. Tinadutsa msewu wa makilomita 11 wopita pachilumba cha Antelope Island, pomwe njati zaubweya zimangodya msipu osalabada za munthu. Zoyamba anazibweretsa mu 1893.

Madzi anaphwera zaka zapitazi, moti kuchoka poimika galimoto tinayenda mpaka thukuta kamukamu, tintchentche takuda tikufuka m'mapazi ngati utsi. Anthu onse ankalowa mwaulemu, n'kugona chagada. Ndinati awa ndi amantha. Ndinathamanga, phava! Mutu patsogolo.

Abale, m'nyanja imeneyi mumathira mitsinje ya Bear, Weber ndi Jordan, koma ilibe Shire wake wotulutsa madzi. Dzuwa limamwa madzi, mchere n'kutsala, zaka zikwizikwi. Ngakhale chambo sichingagonemo. Ndipo m'mawa umenewo n'kuti nditameta ndevu, m'khwapa, ndi kwina koti sinditchula.

Maso anayaka moto. Ndikati ndiime, miyendo ikukana kumira, pajatu madzi amenewa amakuyandamitsa ufune usafune. Ndikati ndipukute m'maso, manja ake ndi amchere omwewo. Ndikati ndikuwe, mchere thoo kukhosi. Mutu pansi, mbuyo m'mwamba, ndikuzungulira pang'onopang'ono, Utah yense akundionera. Ndinakagunda gogo wina amene anagona chagada, chipewa chili kumaso. Gogoyo sanadzuke n'komwe. Anangondikankha ndi chala chimodzi, ine n'kupitiriza ulendo. Nditapeza pansi, madzi ake anali olekeza m'chiuno.

Akuti ndinaitana amayi. Ndinaitana kamodzi kokha, kwinako ndi kanemayo akubwereza. Komanso taonetsetsani bwino kadumphidweko, thupi lili nyomi, mapazi pamodzi. Alamu, omwe akhala kumeneko zaka zambiri, anasankha kugwira foni m'malo motsegula pakamwa, koma woseketsa ndakhala ine.

Kabudula uja anauma gwaa, amatha kuima yekha. Panopa alamu akuti ulendo wina tipite ku Arches, akuti kumeneko ndi miyala yokhayokha. Ndawauza kuti foni akaisiye kunyumba, sanandiyankhebe.