Mmene ndinadzutsira DL-103 yopindika singano kuno ku Joni

Amalume anga aku Rosettenville anandiimbira Loweruka lina m'mawa kuti mphwanga bwera udzaone kachinthu kena abwana andipatsa, iwe ndi amene umakonda za malekodizi. Nditafika anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabokosi, mkatimo muli Denon DL-103, katiriji, kapena kuti kamutu konyamula singano yoimbira malekodi, kamtengo kogwira singano kaja, kamene timati cantilever, katapindika mpaka kuloza kumbali. Akuti tsiku lina popukuta fumbi nsalu inakola singano, abwanawo anangogula ina, iyi inakhala mu drowa zaka ndithu. Mtima wanga unagunda, chifukwa katiriji imeneyi si yamasewera. Inatuluka m'zaka za m'ma 1960, a Denon anaipanga mogwirizana ndi wayilesi ya NHK ya ku Japan kuti izigwira ntchito pa wayilesi, ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Ndinati amalume musataye, ndipatseni ndikayese.

Choyamba chimene ndinachita kunyumba kwanga ku Turffontein n'kuyeza ngati ili moyo, ndisanaononge ndalama ngakhale randi imodzi. DL-103 ndi ya mtundu wa MC, kutanthauza kuti makoyilo ndi amene amagwedezeka limodzi ndi singano pomwe maginito ali phee, ndipo waya wa makoyilowo ndi woonda kuposa tsitsi. Ukaduka basi nkhani yakula, kukulunganso koyilo si ntchito ya pa tebulo la kukhitchini. Nde ndinatenga mita yoyezera magetsi ya digito, osati ija ya muvi chifukwa imeneyo imatha kukankha magetsi ambiri mu kawaya kameneka, ndinagunditsa pa mapini oyera ndi abuluu kenako ofiira ndi obiriwira, mwachangu osakhalitsa. Mbali zonse zinawerenga pafupi ndi 40 ohms, yomwe ndi nambala yake yeniyeni. Apo ndinapuma. Kenako ndinayang'ana ndi kagalasi kokulitsa zinthu kalabala kali kuseri kwa makoyilo, chifukwa kakauma kapena kusweka katiriji imakhala pansi ngati galimoto yothyoka masipuling'i. Kanali bwinobwino.

Chachiwiri chinali kuchotsa thupi la pulasitiki, popeza ndinali nditapeza kale thupi la mtengo lopangira DL-103. Apa ndinaganiza kuti bola ndichite tsopano singano ili yopindika kale kusiyana n'kudzachita itabwera yatsopano yodula. Ndinayala nsalu yoyera pa tebulo, ndinatseka mawindo chifukwa fumbi la kumwera kwa Joni kuno mukulidziwa, mphepo ikauka limachokera ku milu ya migodi n'kulowa paliponse. Thupi lija analimata ndi guluu, nde umadula pang'onopang'ono m'mphepete ndi lezala, dzanja lili potsamira, osakanula ndi mphamvu. Chimene anthu sakuuzani n'chakuti maginito ake ndi amphamvu zedi, lezala ukangoigwira mofooka imakokedwa yokha kupita ku makoyilo. Ine ndinamata katepi pamwamba pa malo amenewo kaye. Zinanditengera pafupifupi ola lathunthu pa kanthu kolemera 8.5 g basi. Nditatsegula ndinapeza tizitsulo tating'ono ngati utuchi titamatirira pafupi ndi mpata wa maginito, ndinatichotsa ndi kachidutswa ka Prestik, phula lija lomatira mapepala kukhoma, kosongola ngati mutu wa machesi, kungogunda n'kukweza, osapukuta. Sipiriti sindinayandikize n'komwe, amatha kusungunula guluu ndi kuononga labala.

Singano yeniyeniyo sindinayese kuika ndekha, ndipo amene akufuna kuyesa ndikumupempha asatero. Ndinatumiza kwa m'misiri amene ntchito yake ndi yomweyi, iye amadula kamtengo kopindikako n'kusiya kachitsa, kenako amalumikiza katsopano pa kachitsako akuyang'ana pa maikulosikopu. Anandifunsa kuti ndikufuna kamtengo ka chani, aluminiyamu ngati mmene inabwerera kapena boron, komanso nsonga yanji. Apa ndi pamene ndinakhala masiku atatu ndikuganiza. DL-103 imabwera ndi nsonga yobulungira, conical, imene imagunda khoma la mzere wa lekodi pa kadontho kamodzi mbali iliyonse. Elliptical ndi yopyapyala kutsogolo ndi kumbuyo nde imakwanitsa kutsata timakhotakhota tating'ono. Ndiye pali za line contact monga Shibata, imene inapangidwa ku JVC m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha malekodi a masipika anayi, izi zimagunda khoma motalika kuchokera m'mwamba kutsika m'munsi, kulemera kumagawikana, ndipo zimafika malo amene singano zakale sizinadye. Malekodi anga ambiri ndi ogula kwa anthu, a mbaqanga ndi jazi ya konkuno, ena anadutsa m'manja ambiri, nde ndinasankha boron ndi line contact.

Podikira ndinatsitsimutsa ina imene ndinali nayo, Shure M97xE. Iyi ndi MM, maginito ndi amene ali pa kamtengo, makoyilo ali m'thupi, nde singano umangoisolola ngati drowa n'kulowetsa ina. A Shure anasiya kupanga makatiriji mu 2018 koma a JICO aku Japan amapanga singano zolowa m'malo. Mphindi ziwiri ntchito yatha.

Denon itabwera ndinaiika m'thupi la mtengo lija n'kuyamba kumanga pa mkono wa turntable yanga yoimbira malekodi, Technics SL-1200MK2. Katiriji imeneyi ndi youma msana, sigonja msanga, nde imafuna mkono wolemera. Ndinaika headshell yolemerapo, kaja komangirapo katiriji kutsogolo kwa mkono, ndi kachitsulo koonjezera kumbuyo kwa mkono, cholinga n'chakuti kugwedera kwachibadwa kwa mkono ndi katiriji kugwere pakati pa 8 ndi 12 Hz, pansi pa nyimbo koma pamwamba pa kugwedezeka kwa lekodi yopindika. Masikuluu ndi sikuludiraiva zikhale zosakokedwa ndi maginito, sikelo yoyezera kulemera chimodzimodzi, apo ayi ikunamizani. Kulemera kwa singano pa lekodi ndinaika 2.5 g. Geji ya Technics imafuna 52 mm kuchokera pothera headshell kufika pa nsonga ya singano, ndinayambira pamenepo, kenako ndinasinthira ku protractor ya Baerwald, choyezera chowongolera katiriji, imene ili ndi madontho awiri, pa 66 mm ndi 120.9 mm kuchokera pakati pa lekodi. Chofunika kwambiri apa, poti katiriji yakonzedwa ndipo thupi ndi lachilendo, usayang'ane thupi ngati lawongoka, yang'ana kamtengo ka singano ngati kakutsata mzere. Yanga thupi limaoneka lopotoka pang'ono koma kamtengo kali ndendende, ndinasiya choncho. Kenako kagalasi pansi pa singano kuona ngati yaima chilili osapendekera, ndi kukweza kapena kutsitsa mkono mpaka ugone mofanana ndi lekodi. Line contact siikhululuka pa zimenezi, conical ukhoza kuphonya pang'ono osamva kanthu.

Nditaika lekodi yoyamba mtima unatsika. Besi kunalibe, woimba samveka pakati, mawu angomwazika m'chipinda. Ndinaganiza kuti ndaononga koyilo pochotsa thupi lija ndipo usiku umenewo sindinagone bwino. M'mawa ndinayang'ananso mawaya anayi aja, ndinapeza kuti ndinasinthanitsa wofiira ndi wobiriwira, nde sipika imodzi imakankha pomwe inzake ikukoka. Woyera ndi wabuluu ndi kumanzere, wofiira ndi wobiriwira kumanja, woyera ndi wofiira ndi amene amanyamula mawu. Nditabweza zonse zinakhala m'malo mwake.

Ndinaiimbitsa kaye milungu iwiri madzulo aliwonse kuti ifewe, kenako Lamlungu lina ndinaitana amalume ndi mnzanga wina waku Mangochi amene amakhala ku Mayfair, iye ali ndi DL-103 yosakhudzidwa, ya singano yake yobulungira. Katiriji iliyonse inali pa headshell yake kuti tizingosintha n'kuyezanso kulemera ndi kutalika kwa mkono, Shure pa 1.25 g kabulashi kake katakwezedwa. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. Denon imatulutsa 0.3 mV, Shure 4 mV, nde ku ampulifaya imodzi imalowa pa MC ina pa MM, ndipo mawu satuluka ofanana kukwera kwake. Khutu la munthu limakonda chimene chakwera, ngakhale pang'ono chabe, umangoti iyi ndiye yabwino. Nde ndinaika lekodi yoyesera ya kulira kwa 1 kHz, ndinayeza ndi mita kumene kumapita mawaya a sipika, n'kulemba pa katepi pamene voliyumu iyenera kukhala pa katiriji iliyonse. Malekodi ndinali nditawatsuka dzulo lake chifukwa mu Julaye kuno mpweya umauma kwambiri, lekodi imathetheka n'kumakoka fumbi ukangoitulutsa m'chikwama chake. Tinadikiranso magetsi abwere, pa inverter yanga pamamveka kaphokoso kapansipansi ndipo MC imakatola msanga.

Tinasankha nyimbo zitatu zokha, ziwiri zikhale zomalizira pafupi ndi lebulo, chifukwa mkati muja lekodi imadutsa pansi pa singano pang'onopang'ono kusiyana ndi kunja, timakhotakhota timapanikizana, ndi pamene singano imaonekera mphamvu zake. Pamenepo yokonzedwa ija inapambana mosakayikitsa. Ma s a oimba achizimayi amene pa conical amang'ambika ngati nsalu anatuluka oyera, sakisofoni siinakande khutu, ndipo lekodi ina imene ndinkaiona ngati yatha inamveka ngati yabwerera zaka. Shure ndi singano ya JICO inali yodekha, yosatopetsa, imatsata bwino koma ng'oma zake zinali zofewerapo. Koma tikabwerera ku nyimbo yoyamba ya kunja, DL-103 ya mnzanga ija inali ndi mnofu wina wake pa besi gitala ndi pa mawu a amuna umene yanga yataya pang'ono, ndipo izi ndinazimva ndekha asanandiuze munthu, zinandikhudza chifukwa mnofu umenewo ndi umene anthu amaikondera katiriji imeneyi.

Amalume anakhala chete nthawi yonseyi manja ali pa mawondo, kenako anati mphwanga bwezera ya mnzakoyo, imeneyo ndi imene ikumveka ngati mmene tinkamvera titangofika kuno. Ndinabwezera, tinamvera mbali yonse osalankhula. Ine ndatsala ndi yokonzedwayo pa mkono chifukwa malekodi anga ambiri ndi odyeka ndipo imawachitira chifundo, koma ndayamba kusunga ndalama ya DL-103 ina yoti ndisadzaikhudze. Pambali pa turntable ndaika kakope kolembamo maola amene singano yaimba, pano ili pa 46. Amalume anasiya malekodi awo asanu ndi awiri kuti ndiwatsukire, akubwera Lamlungu likudzali ndi ena amene ali pansi pa bedi.