Tinakumananso ku Chipata patapita zaka 31

Tinamaliza maphunziro athu pa koleji ya aphunzitsi ya Chipata mu 1993, ndipo pamene tinkadikira makalata otiuza sukulu zimene tikayambire ntchito, aliyense wa ife ankapemphera chamumtima kuti asatumizidwe kutali ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka. Ine ndinapatsidwa sukulu ya m'tauni, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaona ngati anzanga amene anapita kumidzi anatsalira. Maganizo amenewo anasintha mu Ogasiti 2024, masiku a mwambo wa Kulamba wa ku Mkaika, pamene a kalasi yathu amene tikadali moyo tinasonkhana mu holo ya tchalitchi ina mu Chipata, mzinda umene tinausiya ukadali tauni chabe.

Tisanayambe kudya tinaimirira ndi kutchula mayina a anzathu amene anatisiya. Mayinawo anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ambiri mwa iwo anapita m'zaka zimene matenda a Edzi ankatha aphunzitsi, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2005. Ena anasiya ana aang'ono, amene analeredwa ndi anzathu omwe tinali nawo mu holo momwemo.

Kenako aliyense anafotokoza kumene moyo unamufikitsa. Awiri anapita kukaphunzitsa ku Botswana masiku amene malipiro kuno sankafika pakati pa mwezi, wina anasiya choko n'kukhala mbusa wa Reformed Church in Zambia, wina ndi khansala, ndipo wina amagula nsawawa ndi soya kwa alimi a ku Petauke. Zonsezi tinaziombera m'manja mokondwa. Koma holo inakhala chete pamene anaimirira mayi wina amene pa koleji tinkamudziwa monga mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo kwa kalasi.

Amayiwa anatumizidwa ku chigwa cha Luangwa, m'dera limene lero lili m'boma la Mambwe, ndipo sanapemphepo kusamutsidwa. Anatiuza kuti mu 1997, boma litalola kuti atsikana otenga mimba azibwerera kusukulu akabereka, makolo ambiri sanamve za lamulolo, ndipo amene anamva sanalikhulupirire. Iwo anayamba kuyenda khomo ndi khomo Loweruka lililonse, kuyambira kwa anyakwawa, kukambirana ndi agogo ndi amalume a ana, chifukwa ankadziwa kuti kwathu kuno mawu a malume amalemera pa nkhani ya mwana. Mu 2002, maphunziro a giledi 1 mpaka 7 atakhala aulere, ana anachuluka kwambiri moti ena ochokera kutsidya kwa mtsinje ankalephera kuwoloka nthawi ya dzinja, ndipo amayiwa anakopa makolo kuti aumbe njerwa ndi kumanga zipinda ziwiri kutsidya komweko. Atsikana ena amene anawabweza kusukulu lero ndi manesi ndi aphunzitsi.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti ngakhale anapuma pa ntchito, sanasiye. Kuyambira mu 2022, pamene maphunziro anakhala aulere mpaka giledi 12 ndipo ndalama za CDF, zimene boma limapereka zothandizira chitukuko cha m'madera, zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, iwo amakhala m'komiti ya chitukuko ya wadi yawo, ndipo amathandiza anthu osadziwa kulemba kudzaza mafomu opemphera madesiki, mijigo ndi thandizo la ana opita ku sukulu zogonera komweko. M'chaka cha chilala cha 2024 anasonkhanitsa azimayi kuti aziphikira ana phala, popeza anaona kuti mwana wanjala amayamba kujomba kenako n'kusiyiratu.

Nditawafunsa pambali chifukwa chake sanabwere m'tauni monga ife, anandiyankha mofatsa kuti, "Achimwene, mwayi unalipo, koma ndikanachoka, ana aja ndikanawasiyira ndani?" Ndinasowa choyankha, pakuti ine ndinaphunzitsa zaka zonsezi pamalo pamene panali magetsi ndi madzi a pampopi, ndipo sindinafikepo pakhomo pa mwana aliyense amene anasiya kubwera m'kalasi mwanga. Ndinkangolemba m'kaundula kuti sanabwere.

Tisanabalalike tinagwirizana kuti tizisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, monga timachitira pa chilimba, mpaka tigule malata a chipinda chachitatu chimene makolo a kutsidya kuja anamanga kale koma chikadali chopanda denga. Anzanga anandisankha kukhala msungichuma, ndipo ndinalonjeza amayi aja kuti malatawo ndidzawaperekeza ndekha mvula ikadzatha, msewu ukadzauma.