Ntchito yathu ya madishi ku Mangochi: vuto silikhala m'dekoda kawirikawiri

Shopu yathu ili pa Boma, ndipo timaika ndi kukonza madishi a TV kuyambira ku Namwera ndi Malindi mpaka ku Monkey Bay. Tinayamba ndi kugulitsa madekoda, zingwe ndi marimoti basi. Chimene chinatikweza pa makwerero ndi makasitomala amene ankabweza madekoda abwinobwino, akuti afa. Ukaiyesa pa shopu, ikuonetsa bwino lomwe. Vuto linali panja pa nyumba, ndiye tinagula mita yoyezera siginolo, dirilo ndi levulo, n'kuyamba kupita komweko.

Setilaiti ya TV imakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, ndipo imazungulira pa liwiro lofanana ndi la dziko, n'chifukwa chake imaoneka ngati yangoima malo amodzi. Siginolo yake imafika pansi itafooka kwambiri. Dishi payokha siwerenga kanthu, ntchito yake ndi kusonkhanitsa siginoloyo n'kuiponya pa LNB, kachipangizo kamene kamakhala kumapeto kwa mkono wa dishi. LNB imalandira siginolo ya pakati pa 10.7 ndi 12.75 GHz, n'kuikuza komanso kuitsitsa kufika pa 950 mpaka 2150 MHz kuti ithe kuyenda m'chingwe. Magetsi a LNB amachokera ku dekoda kudzera m'chingwe chomwecho: mavoti 13 dekoda ikafuna matchanelo a vertical (obwera pa mafunde oimirira), 18 ikafuna a horizontal (a mafunde opingasa), ndi kaphokoso ka 22 kHz kosankhira gawo la pamwamba la ma GHz aja. Munthu akatiuza kuti matchanelo ena akutuluka koma ena asowa, timayamba takayikira pamenepa, chifukwa chingwe chachabechabe chachitali chimagwetsa mavoti 18 aja asanafike pa LNB, ndiye matchanelo a horizontal amasowa.

Mangochi ili cha pa madigiri 14.5 kumwera ndi 35 kum'mawa. Choncho setilaiti ya Eutelsat ya pa 36°E ili pafupifupi pamutu pathu, madigiri ngati 73 kuchokera pansi, chakumpoto. Intelsat 20 ya pa 68.5°E ili mmunsi, madigiri ngati 48, kum'mawa kopendekera kumpoto, ndipo pa iyoyi LNB imafunika kupotozedwa kwambiri m'chogwirira chake. Madishi ambiri amene timaika ndi a offset, amayang'ana pamwamba kuposa mmene nkhope yake ikuonekera ndi madigiri oposa 20. N'chifukwa chake mwininyumba amatsutsa kuti mtengo wake wa mango sukutchinga, pamene nthambi za pamwamba ndi zomwezo zikudya siginolo. Ndipo mango amakula. Malo amene ali poyera chaka chino timawayeza poganizira zaka zikubwerazo.

Poika timayamba ndi chogwirira dishi. Chiyenera kuima chilili, choyezedwa ndi levulo mbali ziwiri, apo ayi manambala a madigiri olembedwa pa dishi sakutanthauzanso kanthu. Pa khoma la njerwa zowotcha timamanga ndi mabawuti anayi. Pa khoma la zidina timakana. Timakumba dzenje lakuya theka la mita kapena kuposa, n'kuimika paipi ndi konkire, n'kudikira iume tisanapachike dishi. Pa malata kapena pa thabwa la m'mphepete mwa denga sitikhomapo ngakhale atipatse zochuluka bwanji. Kuno mwera ukayamba mu Juni mpaka Ogasiti, dishi yogwedera imasuntha, ndipo kusuntha kwa digiri imodzi kapena awiri kumakwanira kuzimitsa chithunzi.

Pa mita timaona zinthu ziwiri. Strength imangosonyeza kuti LNB ili moyo ndipo chingwe chikudutsa, ikhoza kukwera ngakhale dishi italoza setilaiti yolakwika. Quality ndiye yeniyeni, poti imasonyeza ngati siginolo ya setilaiti yoyenera ikufika bwino. Tikaipeza, timasuntha dishi pang'onopang'ono, timapotoza LNB mpaka quality isiye kukwera, kenaka timamanga mabawuti mosinthanasinthana maso ali pa mita, poti kumanga mbali imodzi yokha kumakoka dishi.

Koma ndalama zathu zambiri zokonzera zimachokera pa kanthu kotchipa kuposa zonse, F-connector, kachitsulo ka kunsonga kwa chingwe kolumikizira ku LNB kapena ku dekoda. Chingwe ndi cha RG6: waya wa pakati, pulasitiki yoyera, kenaka timawaya toluka. Kawaya kamodzi kokha ka toluka tija kakakhudza wa pakati, ndi shoti, matchanelo onse zii. F-connector ya panja ikasiyidwa yosakulunga, madzi a mvula amalowa n'kuyenda m'kati mwa chingwe, ndipo ukasenda umapeza mkuwa wasanduka wobiriwira kapena wakuda. Pamenepo kudula nsonga sikuthandiza, timasintha chingwe chonse. Timakulunga ndi tepi ya labala yodzimata yokha, osati yakuda wamba ija, imene imamatuka ndi dzuwa la kuno mu Okutobala, ndipo timasiya chingwe chitagwa ngati U chisanalowe m'khoma kuti madzi adonthere panja.

Mvula yamphamvu imachepetsa siginolo, zimenezo palibe angaziletse. Dishi ya masentimita 90 imapirira kuposa ya 60, ndipo kwa eni nyumba zoonetsera mpira timaumirira ya 90, popeza chithunzi chikaima pa penate anthu amafuna ndalama zawo. Eni maloji a m'mbali mwa nyanja timawaletsa kugawa chingwe chimodzi ndi splitter (kachipangizo kogawira chingwe) ku madekoda angapo. Dekoda ina ikapempha mavoti 13 pamene inzake ikufuna 18, LNB imamvera imodzi. Pamafunika LNB ya mabowo awiri kapena anayi, chingwe chakechake pa dekoda iliyonse, ndipo zipinda zikachuluka timaika multiswitch, bokosi lopatsa dekoda iliyonse siginolo imene ikufuna kuchokera pa dishi imodzi.

Dekoda ikafadi, nthawi zambiri ndi adaputala ya mavoti 12 yopsa magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kapena mphezi yolowera ku chingwe cha dishi. Choncho musanatinyamulire dekoda, yang'anani ngati kagetsi kake kakuyaka, ndipo tiuzeni manambala a strength ndi quality amene ali pa sikirini.