Zimene kamera yandionetsa pa ulenje wa uta ku Limpopo

Agogo anga aamuna, amene anali mlenje wodziwika kumudzi kwathu ku Ntchisi, ankasimba za uzimba madzulo tikuotha moto, ndipo chaka ndi chaka nguluwe ya m'nkhani yawo inkakulirakulira, mtunda umene anaponyera muvi nawonso unkatalikiratalikira. Palibe ankawatsutsa, chifukwa kutchire kunalibe mboni. Ine ndinayamba kusaka ndi uta nditakula kale, ndikukhala kuno ku Polokwane, m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, ndipo pogula kamera yoyamba cholinga changa chinali chongodzitamira kwa abale pa WhatsApp, osadziwa kuti munthu woyamba kutsutsidwa ndi kamerayo ndidzakhala ine ndemwe.

Kuno ku South Africa ulenje wambiri umachitikira m'mafamu otchingidwa ndi waya, chifukwa lamulo la mu 1991, lotchedwa Game Theft Act, linapatsa eni malo umwini wa nyama zakutchire zimene zili m'kati mwa mpanda wokwanira. Mlenje amalipira tsiku lililonse limene wakhala pafamu, amalipiranso nyama imene wapha, ndipo akaivulaza n'kuthawa, magazi akangooneka pansi, mtengo wake amaulipira wonse ngakhale nyamayo isapezeke. Ine ndimapita cha ku Vaalwater ndi ku Lephalale, m'dera la Waterberg, pakati pa mwezi wa Meyi ndi Ogasiti, pamene udzu wauma ndipo nyama zimakakamizika kubwera kudziwe. Timakhala m'kanyumba kobisalamo, kamdima m'kati, ka mazenera opapatiza, komangidwa pa mtunda wa mamita 20 kapena kucheperapo kuchokera pamadzi.

Uta umene ndimagwiritsa ntchito si wa mtengo ndi nsinga ya chikopa ngati wa agogo. Ndi wa mtundu wa compound, wokhala ndi timawilo kumapeto, umene Holless Wilbur Allen wa ku Missouri analembetsa umwini wa luso lake mu 1969. Timawiloti timachepetsa mphamvu yofunika kugwirira nsinga ukaikoka mpaka kutsaya, kotero munthu atha kudikira kamphindi asanaponye. Komabe manja onse awiri amakhala ali pa ntchito, lina pa uta, lina pa nsinga, ndipo vuto lonse la munthu wodzijambula yekha lagona pamenepa, popeza palibe dzanja lachitatu loti n'kukhudza kamera.

Chaka choyamba ndinaganiza kuti ndathetsa vutoli pomangirira pa uta kakamera kakang'ono, kaja anthu okwera njinga amaika pachipewa. Zimene ndinapeza pobwerera kunyumba zinali zoseketsa. Lenzi ya timakamera totere imatambasula chithunzi kuti zinthu zambiri zilowemo, choncho nswala imene inali pafupi kwambiri inkaoneka ngati mbewa ili kutsidya kwa dambo, ndipo panthawi yeniyeni yoponya uta unagwedezeka, chithunzi n'kusanduka chipwirikiti cha denga ndi mawondo anga. Masiku ano kakamerako ndimakapachika pakhoma kuti kazijambula ineyo, ndipo ntchito yaikulu ndinaipereka kwa kamera yokoka zakutali, yoimikidwa pa miyendo itatu pafupi ndi zenera.

Nayonso inandiphunzitsa mwa njira yowawa. Ikasiyidwa kuti izidzisankhira pomveketsa, imakonda kugwira m'mphepete mwa zenera kapena tsamba limene likugwedezeka, nyama n'kutsala ngati chifunga, motero ndimaimveketsa ndekha pa mwala wa m'mbali mwa dziwe kusanache bwino, kenako n'kuitsekera pomwepo. Kuwala nakonso ndimakuchuna poyang'ana kunja, chifukwa mdima wa m'kanyumba umainyenga. Kagetsi kofiira ndinakamata ndi tepi yakuda, kulira kwa mabatani ndinazimitsa, ndipo kagalasi koonerapo ndimakapendeketsa kuti kasawalitse nkhope yanga, pakuti ngoma yaikazi imayamba yasuzumira pazenera kwa nthawi yaitali isanatsitse mutu kuti imwe. M'mawa wa mu Juni ku Waterberg kumatha kugwa chisanu, mabatire n'kutha msanga, ndiye apadera ndimawasunga m'thumba la malaya am'kati.

Phindu lenileni ndinaliona nditayamba kujambula zithunzi 120 pa sekondi m'malo mwa 30. Muvi wanga umathamanga pafupifupi mamita 80 pa sekondi, kutanthauza kuti mamita 20 umawadutsa m'gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Pa liwiro la 30, ulendo wonsewo umangolowa m'zithunzi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu zosaoneka bwino, pamene pa 120 umalowa m'zithunzi 30, ndipo ngati kuchitako kwa muvi kuli kagetsi koyaka ukaponyedwa, munthu amautsata ndi maso mpaka pamene walasa. Tsiku lina ndinaphonya tonde wa nswala, ndipo ndinatuluka ndikudandaula kuti cholozera cha pa uta chasuntha. Madzulo, poonera kanemayo pang'onopang'ono, ndinapeza kuti muvi unapita ndendende pamene ndinaloza, koma nyamayo inali itachokapo. Mawu amayenda mamita oposa 340 pa sekondi, kotero kulira kwa nsinga kumafika m'makutu a nswala muvi usanathe ngakhale theka la njira, ndipo iyo imanyonyomala pokonzekera kudumpha. Msana wake unatsika, muvi n'kudutsa pamwamba. Kuyambira pamenepo sindiponya nswala imene yaimika makutu, ndimaloza motsika pang'ono, ndipo ndinasankha mivi yolemererapo chifukwa imachepetsa phokoso la uta.

Kamera inandipulumutsiranso nyumbu. Nditaponya, ndinali wotsimikiza kuti ndalasa pamtima, ndipo wolondola mapazi wa pafamupo, bambo wachikulire wolankhula Sepedi, atafika ndi galimoto ndinkafuna kuti tiyambe kutsata nthawi yomweyo. Iwo anapempha kaye kuona kanemayo pa kagalasi. Anaibwereza katatu, kenako analoza ndi chala kusonyeza kuti muvi unalowa cham'mbuyo, pachiwindi. Nyama yolasidwa pamtima kapena m'mapapo imaidikirira mphindi 30, koma ya pachiwindi imafunika maola atatu kapena anayi, chifukwa ukaidzidzimutsa isanafooke imadzuka n'kuthamanga mtunda wautali, magazi n'kusowa. Tinakhala pamthunzi mpaka dzuwa litapendeka, ndipo tinaipeza itagona m'zitsamba pafupi ndithu. Cholakwa changa chinachokera ku makanema a ku America amene ndinkaonera pa YouTube, momwe amaphunzitsa kuloza kumbuyo kwa phewa la gwape wa kwawoko, pamene nyama zambiri za kuno mtima ndi mapapo zili kutsogolo, pamwamba pa mwendo wakutsogolo.

Ndikanakhala wabodza ndikanalekera pomwepa. Pali kanema ina imene sindinatumizirepo munthu aliyense. Njiri inafika modzidzimutsa kamera ili yozimitsa, ndipo m'malo mosankha chimodzi, ndinatambasula dzanja kuti ndiyatse, miyendo ya choimikira n'kukhulana ndi simenti. Njiriyo inatembenuka, ine ndinakoka nsinga mwaphuma, ndipo muvi unalowa pantchafu. Tinaitsata mpaka mdima, mawa lake tinabwererako, koma sitinaipeze. Ndalama ndinalipira, ngakhale chimene chinandisowetsa tulo sichinali ndalamayo. Tsopano ndimayatsa kamera nyama ikadali kutali, nthawi zina ndikangomva nkhanga zikusokosera, ndimasiya chithunzi chili chotambasuka kuti dziwe lonse lilowemo, ndipo nyama ikafika pamadzi kamerayo sindiikhudzanso, kaya yajambula kaya sinajambule. Memori khadi imadzaza ndi maola a njiwa ndi anyani, koma makhadi ndi otchipa poyerekeza ndi nyama yovulala.

Podula kanema ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya DaVinci Resolve pa kompyuta yanga yakale, ndipo maola asanu ndi limodzi amatsala mphindi zinayi. Nyimbo sindiikamo, chifukwa kulira kwa njiwa ndi kupuma kwanga kwa befu kumanena zoona kuposa gitala, ndiponso sindionetsa nyama ikuphupha, popeza oonera ambiri sanapiteko kutchire ndipo palibe chifukwa chowakhumudwitsira. Zophonya zonse ndimazisiyamo, ngakhale anzanga ena amati ndikudzichotsera ulemu.

Kanema ya nyumbu ija ndinaichepetsa kuti isadye bandulo yambiri, n'kuitumiza kwa mlongo wanga kuti akaonetse amayi. Iwo anaionera mpaka kumapeto, kenako anatumiza mawu ojambulidwa. Za muvi ndi za kamera sanatchulepo, koma anafunsa kuti, "Mwanangu, nyama yonseyo mwadya ndi ndani kumeneko? Agogo ako akapha, mwendo umodzi unkapita kwa amfumu." Ndinawayankha kuti theka ndinaifutsa kukhala biltong (nyama youmitsa ya kuno), yotsalayo ili mufiriji, ndipo chiwindi, kapena kuti chimene chinatsalako muvi utadutsa, anatenga ndi bambo olondola mapazi aja.